Mbaula ya mapeleti yotenthetsera nyumba: mafunso ndi mayankho kwa amene akuyamba kumene

Tsamba lino ndi la abale athu okhala kumayiko ozizira, makamaka ku Britain ndi Ireland, amene agula mbaula ya mapeleti (timibulu ta utuchi wopanikizidwa) kapena aipeza m'nyumba imene alowamo. Mafunso a anthu oyamba kumene amafanana, ndipo mayankho ake ambiri amabwerera pa zinthu ziwiri: njira za mpweya zatsekeka ndi phulusa, kapena mapeleti ndi oipa. Kuwonongeka kwenikweni kumachitika mwa apo ndi apo. Mbaula zimasiyana malinga ndi kampani, choncho pamene buku la mbaula yanu likunena zosiyana ndi zili pano, tsatani bukulo.

Kodi mbaula imeneyi imagwira ntchito bwanji?

Ya nkhuni mumasonkhezera nokha. Iyi imadzisonkhezera yokha, ndipo imatero ndi magetsi. Pamwamba kapena kumbuyo pali bokosi lothiramo mapeleti, lomwe mabuku amalitcha hopper. Pansi pa bokosilo pali chitsulo chopotana ngati sikuluu yaikulu, dzina lake auger. Chimazungulira pang'ono, n'kuima, n'kuzunguliranso, ndipo nthawi iliyonse chimagwetsera mapeleti ochepa m'kapoto kachitsulo ka mabowomabowo. M'kapoto kameneka ndimo mumayaka moto. Pambali pake pali choyatsira chamagetsi chimene chimatentha kwambiri mpaka mpweya wodutsapo uyatsa mapeletiwo.

Mbaula zambiri zili ndi mafani awiri. Yoyamba imakoka mpweya kudzera m'mabowo a kapoto n'kukankhira utsi ku chumuni. Yachiwiri imauzira mpweya wofunda m'chipinda. Zonsezi zimayendetsedwa ndi kakompyuta kamene kamamvera masensa oyeza kutentha kwa utsi ndi mphamvu ya kakokedwe ka mpweya. Mukaigwira mfundo yakuti moto wa mbaulayi umadalira mpweya wodutsa m'timabowo timeneti, theka la mavuto ake mudzalithetsa nokha.

Mbaula zoterezi zinayambira ku Washington State, ku America, m'zaka za m'ma 1980, koma zambiri zogulitsidwa ku Ulaya lero n'zochokera ku Italy, monga MCZ, Palazzetti, Edilkamin ndi La Nordica-Extraflame, kapena ku Austria, monga RIKA. N'chifukwa chake ena amapeza kasikirini kakulemba Chitaliyana. Chiyankhulo chimasinthidwa pa menyu.

Ndi yofanana ndi mbaula zophikira za mapeleti zija zimagulitsidwa ku Lusaka?

Ayi. Mbaula monga za SupaMoto ku Zambia n'zophikira. Mumathiramo mapeleti ndi manja, mumayatsa pamwamba, ndipo kafani ka batire kamakoleza moto pansi pa poto. Zilibe auger, zilibe chumuni, ndipo si zoothera m'chipinda chotseka. Chofanana ndi mapeleti okha basi.

Ndingaiike ndekha? Ndimadziwako za manja.

Ndikupemphani, musatero. Kuimika mbaula pakona sikuvuta, chovuta ndi njira ya utsi. Ku England ndi Wales ntchitoyi imayendera malamulo a zomangamanga, gawo lotchedwa Document J. Pali njira ziwiri: kulemba mmisiri wovomerezeka ndi bungwe ngati HETAS, amene amakupatsani setifiketi akamaliza, kapena kudziwitsa a building control ku khonsolo kuti adzayendere. Scotland ndi Ireland ali ndi malamulo awoawo, koma cholinga n'chimodzi. Setifiketiyo muisunge bwino, chifukwa a inshuwalansi adzaifuna ngati pachitika ngozi, ndipo idzafunikanso pogulitsa nyumba. Ngati muli pa lendi, musaboole khoma mwini nyumba asanavomere molemba.

Mufunsenso ku khonsolo ngati dera lanu lili m'gulu la smoke control area, kutanthauza madera amene utsi wa m'chumuni ndi woletsedwa, monga zilili m'madera ambiri a London, Manchester ndi Birmingham. Kumeneko mbaula iyenera kukhala pa mndandanda wa zololedwa ndi DEFRA, unduna wa boma woona za chilengedwe.

Mmisiri akamagwira ntchito, inu muziyang'ana zinthu izi. Pansi pa mbaula pakhale chinthu chosapsa, monga mwala, matailosi kapena galasi lochindikala, osati kapeti. Mipata ya m'mbali ndi kumbuyo ikhale monga buku lanenera, kutinso mmisiri azitha kufikako pokonza. Paipi ya utsi, imene nthawi zambiri imakhala ya mamilimita 80 kapena 100, ikhale ndi malo otsegula pansi pake pochotsera phulusa, ndipo izikwera m'mwamba, isangotulukira pakhoma n'kuthera pomwepo. Asanachoke, ayiyatse mbaulayo inu mukuona, aichune kuti igwirizane ndi chumuni yanu, ndipo akuonetseni kachotsedwe ka kapoto.

Ndigule ya mphamvu yochuluka bwanji?

Ogulitsa ambiri ku Britain amawerengera chonchi: chulukitsani mulitali, mulifupi ndi msinkhu wa chipinda m'mamita, yankho mugawe ndi 14. Chipinda cha mamita 6 ndi 5, chotalika mamita 2.4, chikufuna pafupifupi 5 kW. Nyumba yakale yolowa mphepo imafuna yoposerapo. Musathamangire yaikulu poganiza kuti kukula ndiko ubwino. Mbaula yokulitsa imakhalira kuyaka pa moto wotsika kapena kuzimazima, ndipo zimenezi zimadetsa galasi ndi kulemetsa choyatsira.

Mapeleti abwino ndiwadziwa bwanji?

Mapeleti ndi utuchi wouma wopanikizidwa mwamphamvu mpaka kugwirana wokha popanda guluu. A mbaula za m'nyumba amakhala a mamilimita 6 m'mimba mwake. Pathumba yang'anani chizindikiro cha ENplus A1 pamodzi ndi nambala ya kampani. A1 amakhala ndi chinyezi chosaposa 10 peresenti ndi phulusa losaposa 0.7 peresenti. A2 amaloledwa kufika 1.2 peresenti ya phulusa, ndipo kusiyana kumeneku mudzakuona ndi maso m'kapoto. Ku America muziyang'ana chizindikiro cha PFI.

Chizindikiro pachokha sichikwanira, pakuti thumba labwino likhoza kunyowa posungidwa. Linyamuleni, mulipendeke, muone pakona yapansi. Mukaona fumbi lambiri litaunjikana, mapeletiwo aphwanyika. Tapani dzanja limodzi: abwino amakhala osalala, onyezimira pang'ono, amathyoka ndi kaphokoso ndipo amanunkhira matabwa. Amene analowa chinyezi amaoneka otuwa, otupa, ndipo amafumbutuka mukawafinya. Oterowo musathire m'mbaula ngakhale mukumva chisoni ndi ndalama.

Gulani matumba awiri kapena atatu kaye, muyese, musanaitanitse mulu wathunthu wa matumba, umene amati paleti. Posunga, asagunde simenti kapena khoma lonyowa, ndipo malowo azipita mphepo. Mapeleti ambiri akatsekeredwa pamalo opanda mpweya amatulutsa mpweya wakupha wotchedwa carbon monoxide ngakhale asakuyaka, choncho chipinda chogona si mosungira.

Tsiku loyamba ndichite chiyani?

Onani kuti m'kati simunatsale mapepala kapena zida, kapoto kakhala bwino pamalo pake ndipo bowo lake layang'anizana ndi choyatsira. Thirani mapeleti m'bokosi, mutseke chivundikiro ndi chitseko.

Apa ndi pamene ambiri amataya mtima. Auger yatsopano imakhala yopanda kanthu, ndiye pamafunika mphindi zingapo kuti mapeleti akwere mpaka kuyamba kugwa. Mukangodina batani loyatsira, nthawi yoyatsa imatha mapeleti asanafike, ndipo mbaula imalira alamu. Pa menyu pamakhala lamulo lodzadzitsa auger, ena amalemba load auger, ena initial load. Liyendetseni mbaula ili yozizira mpaka mumve mapeleti akugwera m'kapoto, mukhuthule amene agwawo, kenako muyatse. Muzichitanso chimodzimodzi nthawi iliyonse bokosi likatheratu.

Lawi limaoneka pakapita mphindi zingapo, ndipo mbaula zambiri zimafuna mphindi 10 mpaka 15 kuti zikhazikike. Utsi woyera pang'ono m'kati mwa galasi lawi lisanabuke si vuto. Masiku oyamba mudzamva fungo la penti ikuuma ndi kutentha. Tsegulani mawindo, ana ndi odwala mphumu akhale chipinda china, ndipo muikweze moto pang'onopang'ono mpaka pamwamba kwa maola angapo kuti fungolo lithe.

Yakanika kuyaka, ndipo m'kapoto mwadzaza mapeleti. Ndingodinanso?

Ayi. Pa tsamba lonseli yankho ili ndi limene ndikufuna lisaiwalike. Khuthulani kapoto kaye, nthawi zonse, musanayesenso. Mulu wa mapeleti ukatenthedwa ndi choyatsira suyaka msanga, umafuka. Utsi wokhuthalawo umadzaza m'mbaula, ndipo lawi likabuka umayaka wonse pakamodzi ndi mphamvu yotha kuswa galasi kapena kukankhira utsi m'nyumba. Mukaona m'kati mwachita mdima ndi utsi koma lawi palibe, musatsegule chitseko, musazule pulagi, ndipo musaime kutsogolo kwa galasi. Isiyeni fani ikoke utsiwo.

Mbaula ikazizira, tulutsani kapoto. Mapeleti amene munachotsamo musabwezere m'bokosi, chifukwa ena akhoza kukhala ndi moto wobisika. Kenako funani chifukwa chake. Kwezani kapoto kuloza kuwala: kodi mabowo onse akuoneka? Bowo loyang'ana choyatsira likatsekeka ndi phulusa, mpweya wotentha sufika pa mapeleti. Mukabwezera, kakhale pansi ndithu, kasatsamire pa kanyenyeswa ka phulusa, apo ayi mpweya umadutsa m'mbali. Onaninso ngati mapeleti ndi ouma, ndiponso ngati chitseko ndi kabati ka phulusa zatsekeka bwino.

Zonsezi zikakhala bwino koma mapeleti akutuluka ozizira, osada ngakhale pang'ono, ndiye kuti choyatsira chapsa. Chimatha ndi ntchito monga babu, ndipo mmisiri amachisintha mosavuta. Palafini, petulo kapena spiriti zisayandikire mbaulayi. Musawonjezerenso mapeleti m'kapoto ndi manja.

Lawi ndi lofooka, lofiirira, ndipo galasi likuda tsiku lomwelo. Chalakwika n'chiyani?

Lawi labwino limakhala lowala, lachikasu chopita koyera, ndipo limavina mwachangu. Likamatalika mwaulesi, lofiirira, nsonga zake zikuchita utsi, moto ukusowa mpweya. Kaphulusa kotuwa pagalasi pakapita masiku n'kachibadwa. Mwaye wakuda wonata pakangopita maola ochepa ndi chizindikiro.

Tsatani njira ya mpweya kuyambira polowera mpaka potulukira. Kumbuyo kwa mbaula kuli paipi yolowetsa mpweya: kodi yatsamira khoma, kapena yatsekeka ndi fumbi ndi ubweya wa ziweto? Kenako mabowo a kapoto. Kenako kabati ka phulusa. Pamwamba pa lawi pamakhala chitsulo chotchinga chimene chimachotsedwa, ndipo kuseri kwake kumaunjikana phulusa lopepuka lomwe ambiri sadziwa n'komwe kuti liliko. Pomaliza tsegulani chivundikiro cha pansi pa paipi ya utsi, mbaula ili yozizira, mutatchera chidebe.

Ngati zonsezi n'zoyera, yesani chingwe chimene chimamata chitseko. Tengani pepala, mulipanikize ndi chitseko, mukoke. Likakana kapena kung'ambika, pamenepo pali bwino. Likasololoka lokha, chingwe chaphwa ndipo fani ikukoka mpweya pachitseko m'malo mokoka pansi pa moto. Yesani mbali zonse zinayi. Chingwe chatsopano sichidula.

Pa menyu ya mwini mbaula pamakhala pochepetsera mapeleti kapena powonjezera mpweya pang'ono, ndipo zimathandiza mukasintha mtundu wa mapeleti. Sinthani chinthu chimodzi, mudikire theka la ola, muone lawi. Koma menyu ya amisiri, yotsekedwa ndi nambala yachinsinsi, isiyeni, ngakhale wina atakupatsani nambalayo pa intaneti. Kuwonjezera liwiro la fani pa mbaula yakuda n'kubisa matenda.

Pamakhalanso vuto la mbali inayo: lawi lalifupi, lolusa, mapeleti akudumpha m'kapoto n'kutha ena asanagwe. Pamenepo mpweya wachuluka kapena chumuni ikukoka mopitirira.

M'kapoto mukupangika chinthu cholimba ngati mwala. N'chiyani?

Ndi phulusa losungunuka ndi kutentha n'kuumanso, amisiri amati clinker. Limamatirira pansi ngati nkhoko mumphika wa nsima, n'kutseka mabowo. Limachuluka mapeleti akakhala ndi makungwa kapena dothi, kapena mpweya ukachepa. Lipaleni ndi kachitsulo kamene kanabwera ndi mbaula, muboole mabowo ndi msomali. Likamabwerera tsiku ndi tsiku, sinthani mapeleti musanaitane mmisiri.

Imayaka bwinobwino kenako n'kuzima yokha, alamu n'kulira. Nditani?

Lembani kaye uthenga kapena nambala imene ili pasikirini musanaifufute. Manambalawa amasiyana kampani ndi kampani, tanthauzo lake lili kumapeto kwa buku.

Yambani ndi chophweka: mapeleti alimo? Nthawi zina bokosi limaoneka lodzaza m'mbali pamene pakati pachita dzenje, kapena mapeleti aataliatali apingasa pakamwa pa auger. Ngati uthenga ukunena za depression, vacuum kapena pressure, sensa yaona kuti mpweya sukukokedwa mokwanira, ndipo yaimitsa auger dala. Zoyambitsa zake ndi chitseko chosatsekeka, chumuni yotsekeka, chisa cha mbalame, kapaipi ka labala ka sensayo katadzaza phulusa, kapena mphepo yamkuntho yowomba molunjika potulukira utsi. Fani ya kukhitchini yokoka nthunzi nayonso imalanda mbaula mpweya m'nyumba zotsekeka bwino. Mukaona kuti alamu imalira nthawi yophika, chifukwa chake n'chimenecho.

Uthenga wa kutentha kopitirira umabwera fani ya m'chipinda ikafooka ndi fumbi, kapena wina akayanika zovala pamwamba. Mbaula zambiri zili ndi kabatani kumbuyo, kovundikiridwa ndi kachipewa kapulasitiki, kamene mumadina ikazizira. Kakadumphanso kachiwiri, itanani mmisiri.

Mudzapeza anthu olangiza kulumikiza mawaya modumpha sensa kuti mbaula isamazime. Musavomere. Sensayo ndi imene imaimitsa mapeleti pamene utsi ulibe kolowera.

Mota ikumveka koma mapeleti sakugwa.

Auger yagwidwa. Kawirikawiri ndi fumbi la mapeleti limene linayamwa chinyezi n'kuuma ngati simenti, nthawi zina ndi kamwala, sikuluu kapena kachidutswa ka thumba. Zimitsani mbaula, izizire, zulani pulagi, mukhuthule bokosi ndi kuyamwa fumbi lonse ndi huva. Dzanja lisalowe kumene kuli auger magetsi ali olumikizidwa, chifukwa mota yake imayenda pang'onopang'ono koma ili ndi mphamvu yothyola chala. Ikakanabe, ndi ntchito ya mmisiri.

Phokoso lina n'lachibadwa: kung'ung'udza kwa mota kobwerabwera, kugwa kwa mapeleti, kuthetheka kwa chitsulo chikamatentha ndi kuzizira. Kulira kokwecha kapena kunjenjemera kwa fani ndiko kofunika kuonetsa.

Ndikadina kuti izime, mafani amapitirira kulira. Ndizule pulagi?

Musazule. Mapeleti asiya kugwa, koma otsala akunyekabe, ndipo fani ikutulutsa utsi wawo ndi kuziziritsa zitsulo. Imasiya yokha, kawirikawiri pasanathe theka la ola.

Nanga magetsi akazima moto uli mkati?

Mbaula imaima, ndipo utsi wotsala umadalira chumuni yokha. Apa ndi pamene paipi yokwera m'mwamba imaonetsa phindu lake. Musatsegule chitseko cha mbaula, tsegulani windo. Magetsi akabwera msanga, zambiri zimapitiriza zokha. Akachedwa, zimayamba zadziziziritsa, ndipo inu muone kapoto musanayatsenso.

Mbaula imadya magetsi ochepa, mawati 300 mpaka 400 poyatsa ndi pafupifupi 100 kapena kucheperapo ikamayenda. Ngati kwanu magetsi amavutavuta nyengo ya mkuntho, UPS (kabokosi ka batire kosungira magetsi) ya mtundu wa pure sine wave imaipatsa nthawi yozima mwadongosolo.

Ndikumva fungo la utsi m'nyumba. Ndi zoopsa?

Inde, zitengeni kuti ndi zoopsa. Kupatula fungo la penti la masiku oyamba, mbaula yoikidwa bwino sinunkha utsi. Izimitseni ndi batani, tsegulani mawindo, ndipo isayakenso mpaka mmisiri aone molumikizira mapaipi ndi zingwe za zitseko.

Choopsa kwambiri sichinunkha n'komwe. Tonse tinamvapo za mabanja amene anagona ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka mwezi wa June osadzukanso. Mpweya wake ndi womwewu, carbon monoxide. Malamulo a ku England amafuna alamu yake m'chipinda chimene mwaikidwa mbaula yatsopano, pa mtunda wa mita 1 mpaka 3 kuchokera pa mbaulayo, padenga kapena pamwamba pakhoma. Gulani yolembedwa EN 50291, muziiyesa ndi batani lake, ndipo muone chaka chimene idzathere ntchito. Ndi bwino kuikanso ina kufupi ndi zipinda zogona.

Mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka zimene zikugwira anthu angapo pakamodzi, n'kumachepa mukatuluka panja, musaziyese chimfine. Alamu ikalira, tulutsani aliyense. Ngati wina wakomoka, akusokonezeka kapena akubanika, imbani 999 kapena 112.

Ndiziyeretsa kangati?

Kapoto, tsiku lililonse musanayatse. Ndi ntchito ya mphindi ziwiri ndipo imaletsa mavuto ambiri amene ali pamwambapa. Kabati ka phulusa ndi galasi, pakapita masiku awiri kapena atatu, malinga ndi mapeleti anu. Galasi lipukuteni litazizira, ndi kansalu konyowa koviika m'phulusa losalala. Kuseri kwa chitsulo chotchinga ndi pansi pa paipi ya utsi, kamodzi pamwezi m'nyengo yozizira. Pakapita milungu ingapo lolani bokosi litsike kuti muyamwe fumbi la pansi.

Gulani huva ya phulusa, ya chidebe chachitsulo. Ya m'nyumba imatulutsa phulusa losalala kumbuyo, ndipo khala limodzi lobisika likhoza kuyatsa thumba lake. Phulusa lizikhala m'chidebe chachitsulo chovundikira, panja, osati m'khonde lotseka.

Kamodzi pachaka mmisiri atsegule mbaula yonse, ayeretse mafani ndi njira za utsi, asinthe zingwe zotha, ndipo chumuni isesedwe. Mbaula zambiri zimawerenga maola n'kulemba service nthawi ikakwana. Makampani ambiri safuna kumva za waranti ngati mulibe umboni wa ntchito imeneyi, choncho malisiti musataye. Musungitse malo m'chilimwe, chifukwa ikafika October amisiri amakhala atadzaza.

Thumba limodzi limatha nthawi yaitali bwanji?

Kilogalamu imodzi ya mapeleti a A1 imakhala ndi mphamvu yosachepera 4.6 kWh, ndiye thumba la makilogalamu 15 lili ndi pafupifupi 70 kWh, ndipo mbaula yoyera imabweretsa m'nyumba 85 mpaka 90 peresenti ya mphamvuyo. Mbaula ya 8 kW imadya pafupifupi makilogalamu 2 pa ola pa moto wapamwamba, kutanthauza kuti thumba limatha m'maola 7 kapena 8. Pa moto wotsika imadya pang'ono kupitirira theka la kilogalamu, ndipo thumba lomwelo limafika tsiku lathunthu. Mukaona kuti matumba akutha msanga koma nyumba sikufunda monga kale, phulusa lakuta zitsulo zopatsira kutentha ndipo moto wanu ukuthawira ku chumuni.

Nyengo yozizira ikatha ndiisiye bwanji?

Iyatseni mpaka mapeleti atheretu m'bokosi ndi mu auger, chifukwa otsalira amayamwa chinyezi cha m'chilimwe n'kudzagwira auger mu September. Yamwani fumbi lonse, chotsani phulusa paliponse pakuti likanyowa limadyetsa chitsulo dzimbiri, kenako zulani pulagi kuti mphenzi isaononge kakompyuta. Matumba otsegula muwamange pakamwa, ndipo mabatire a rimoti muwachotse.